Chepetsani mabotolo, musamane wovina

Mwamuna wa malipiro ochepa ali ndi ufulu wopita kokasangalala usiku, ngakhale kumalo kumene atsikana amavina atavala zosabisa thupi kwenikweni. Ndikudziwa kuti ena asiya kuwerenga pomwepa. Amene mwatsala, tiyeni tikambirane ngati akuluakulu, chifukwa Lachisanu lililonse la kumapeto kwa mwezi kuno ku Zomba njinga zamoto za kabaza zimatuluka mu Chikanda, ku Sadzi ndi ku Mpondabwino kulowera kumene kukulira nyimbo, ndipo okwerawo si alendo ochokera kutali. Ndi aphunzitsi athu, makalaliki, amakaniko, ophunzira a ku Chirunga, ogulitsa matemba mumsika. Funso loti apite kapena asapite adaliyankha kale okha. Limene latsala, loti palibe afuna kulikamba masana, n'loti munthu wa K20,000 m'thumba angapite bwanji n'kubwerako osagwetsa banja lake m'mavuto, komanso osamudyera masuku pamutu mtsikana amene wamusangalatsa usiku wonse.

Makalabu enieni a ovina movula, amene anyamata athu amawaona m'mavidiyo a nyimbo kapena kukawapeza akapita ku Johannesburg, ndi bizinesi yokonzedwa mwaluso kuti ikhuthule thumba la munthu iye akumwetulira. Umalipira pakhomo. Chakumwa chomwe kunja n'chotchipa, mkatimo mtengo wake umakwera kangapo. Wovina akakhala pasiteji anthu amamupatsa ndalama zing'onozing'ono, koma ukafuna akuvinire iwe wekha umalipira pa nyimbo iliyonse, ndipo nyimbo sichedwa kutha. Chipinda chapadera chili ndi mtengo wakewake. M'makalabu ambiri a ku America muli makina a ATM momwemo, odula ndalama yambiri ukatapa, kuti amene zamuthera asakhale ndi chifukwa chotulukira panja pamene mphepo ingamubwezere nzeru.

Chimene oonerera ambiri sadziwa n'chakuti ku America komweko ovina ochuluka salandira malipiro a pamwezi. Eni makalabu amawatenga ngati anthu odzilemba okha ntchito, ndipo wovinayo ndiye amalipira mwini malo kuti aloledwe kukwera pasiteji usiku umenewo, kenako n'kugawirako DJ ndi ena ogwira ntchito mmenemo. Usiku ukavuta amabwerera kunyumba ataluza. Mu 2023 ovina a pa kalabu ya Star Garden ku Los Angeles adalimbikira mpaka kulowa m'bungwe loimira apantchito la Actors' Equity. Dziko la Iceland lidatenga njira ina: mu 2010 lidaletseratu makalabu otere.

Kuno ku Zomba zoterezi simungazione zitalembedwa pachikwangwani m'mbali mwa msewu wa M3. Lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act la 1968 likadalipo, ndipo zisangalalo zoonetsa pagulu zimafuna chilolezo. Zathu ndi zapakatikati: bala yoitana DJ Loweruka, bandi yochokera ku Blantyre yobwera ndi atsikana ake ovina, mpikisano wodula chiuno pakati pa usiku, mwini malo amene wazindikira kuti mowa umayenda msanga pakakhala wina wovina kutsogolo. Zovala zimachepa koma sizitheratu. Kayendedwe ka ndalama n'komwe kuja. Mwini bala amapeza zake pa botolo lililonse, DJ amapangana naye mtengo asanalumikize mawaya, pamene mtsikana wovinayo kawirikawiri amadalira dzanja la oonerera.

Ndalama yathu nayo yafooka. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Pepala la K5,000 lomwe lidatuluka mu 2022 anthu n'kumaliopa, lero silikwanitsa zambiri patebulo la m'bala. Mwamuna amene kale ankaitanitsa mabotolo osawerenga tsopano amalowa m'malo amenewa akudziona wochepa, ndipo kudziona wochepako kumamukankhira ku imodzi mwa njira ziwiri zolakwika.

Yoyamba timaidziwa tonse. Munthu amafuna aoneke bwana kwa maola anayi, amagulira tebulo lonse, amamwaza ndalama pasiteji anzake akukuwa, Lolemba n'kukapezeka kwa wakatapila kapena atapinyolitsa foni. Ameneyu wanenedwa mokwanira m'maguwa ndi m'mabanja, ndipo sindiwonjezera zambiri.

Yachiwiri ndi imene imandipweteka mtima, chifukwa ochita zimenezi amadziyesa ochenjera ndipo anzawo amawayamikira. Ndi uja amene wasankha kusunga ndalama pomana wovina. Amafika msanga kuti apeze mpando wa kutsogolo kwenikweni. Mabotolo ake a Green sachepetsa ngakhale limodzi. Amaonerera nyimbo khumi maso ali tong'o, amaliza mluzu, amaitana mtsikanayo kuti ayandikire, koma ikafika nthawi yopisa m'thumba amayang'ana kumbali ngati foni yalira. Mmawa mwake amauza anzake kuti wasangalala ndi ndalama zochepa. Zoona zake n'zakuti wina wamulipirira usiku umenewo, ndipo womulipirirayo ndi munthu wosauka kuposa iye, amene wavina mpaka mawondo kuwawa.

Ife Amalawi sitifunika kuphunzira kwa Azungu kuti wovina amafupidwa. Pitani pa ukwati uliwonse mu holo ya mumzinda uno kapena kumudzi ku Jali. Perekaniperekani asanayambe, anthu amafola patebulo la osintha ndalama, K5,000 n'kuiphwanya kukhala ma K200 ndi ma K100, kuti athe kuponya kambirimbiri akuvina. Palibe amene amachita manyazi kuti waponya yaing'ono. Manyazi amagwira amene wadya mpunga, wamwa thobwa, waonerera zonse, koma dzina lake litaitanidwa wakhala pansi. Manganje akamavinidwa anamwali potuluka ku simba, achibale amafupa. Gule akatuluka pabwalo n'kuvina mogometsa, amayi amamasula pansonga ya chitenje. Woimba ng'oma amafupidwa, wotsogolera nyimbo amafupidwa. Tidakula tikudziwa kuti maso akakhuta, dzanja liyenera kuyankha. Tsono bwanji mwambo umenewu timausiya pakhomo la bala? Yankho lomwe ndimaliona n'losasangalatsa: mumtima timamunyoza mtsikanayo, ndipo munthu amene wamunyoza suona chifukwa chomulipirira thukuta lake. Timafuna kumuonerera koma sitifuna kuvomereza kuti akugwira ntchito.

Ndiye ngati muli ndi K20,000, kagawidwe kake kachitikire kunyumba, musanavale nsapato, mutu udakali bwinobwino. Yoyamba kupatula ndi ya kabaza wobwererera, ndipo muiike m'thumba lina lomwe simupisamo usiku wonse. Kumbukirani kuti mtengo wa kabaza wa 1 koloko usiku si wa masana. Yachiwiri ndi yofupa, ndipo muiphwanyiretu masana pa golosale, chifukwa woperekera mowa alibe nthawi yokusinthirani ndalama nyimbo zili pakati. Yotsalayo ndiyo ya pakhomo ndi zakumwa. Ambiri amayambira kumapeto, amawerenga mabotolo kaye, wovina n'kumupatsa zotsala, ndipo pamowa sipatsala kanthu. Mukatembenuza dongosolo limeneli mupeza kuti mwina mwataya mabotolo awiri okha. Mabotolo awiri amenewo ndi omwe aja amene akadakupatsani matsire Loweruka mmawa.

Idyani nsima musanatuluke. Zikuoneka zazing'ono, koma mimba yopanda kanthu imaledzera msanga, ndipo kanyenya wa pakhomo pa bala pakati pa usiku amadula kuposa ndiwo za banja lonse za tsiku limodzi. Ngati simudaphike, imani pachiwaya mudye tchipisi musanalowe. Chomwe ndikukana ndi nzeru ya anyamata ena yoyamba kumwa timabotolo totchipa ta mowa waukali kuseri kwa mpanda kuti akalowe atatentha kale. Boma lidaletsa masacheti poona mmene ankawonongera achinyamata, koma mowa womwewo udangosintha chotengera. Wolowa ataledzera kale ndiye amayambitsa ndewu, ndiye amagwira anthu osayenera kuwagwira, ndiye mabaunsa amamutulutsa ndalama yake ya pakhomo isanagwire ntchito.

Raundi ndi msampha waukulu kwa munthu wa ndalama zochepa. Mukakhala asanu ndi mmodzi patebulo, wina akagula raundi yoyamba, mwalowa ngongole ya mabotolo asanu ndi limodzi musanamwe ngakhale theka la lanu, ndipo mudzamwa pa liwiro la chidakwa wamkulu wa patebulopo. Nenani poyambirira, mowa usanalowe m'mutu: "Amwene, lero aliyense zake." Anzanu enieni amva, ndipo mwina awiri mwa iwo apumira m'mwamba chifukwa nawonso amaopa kunena. Lipirani botolo lililonse likamafika, musalole kuti azilemba. Bilu yolembedwa mumdima ndi phokoso imakula yokha, ndipo mkangano wake umagwera mtsikana woperekera mowa, amene zikasowa amamudula pamalipiro. Pakati pa mabotolo imwani madzi kapena chozizira. Palibe amene amawerenga chimene chili m'manja mwanu koposa inu nomwe.

Kale tinkati siyani khadi la kubanki kunyumba, nkhani n'kutha. Lero makina aja a ATM tidawayika tokha m'thumba. Airtel Money ndi Mpamba zatithandiza m'zambiri, koma 11 koloko usiku zimasanduka khomo lotseguka lolowera ku ndalama ya lendi. Njira yomwe ndimaikhulupirira ndi yolipiriratu zofunika tsiku lomwe malipiro alowa: lendi, fizi, mayunitsi a magetsi, thumba la chimanga, gawo la banki mkhonde. Zikachoka mufoni, chala choledzera sichingazipeze. Ndalama yosangalalira ikhale yogwirika m'manja, yoti muziiona ikuchepa.

Pali chizolowezi china chomwe amuna amachiyesa ulemu: kugulira wovina chakumwa. Ganizani kumene ndalamayo ikupita. Phindu la botolo limalowa kwa mwini bala, mtsikanayo n'kutsala ndi mowa womwe mwina saufuna, chikhalirecho ali pantchito ndipo ali ndi ulendo wa usiku wobwerera kwawo. Ndalama yomweyo mukamupatsa m'manja, mawa igula ufa, sopo kapena kope la mwana. Mupatseni poyera, monga timachitira pa ukwati, ndi mawu ochepa: "Zikomo achemwali, mwavina bwino." Yofupa ikatha, chokani kutsogolo mupatse malo ena, kapena nyamukani muzipita. Kuchoka nyimbo zikadali kukoma n'kovuta, ndikudziwa, koma maola awiri omaliza a usiku ndi amene amadya ndalama zambiri n'kupereka chisangalalo chochepa.

Tsopano pa nkhani ya manja. K500 yomwe mwafupa ndi yothokoza pa zimene maso aona. Siigula chilolezo chogwira thupi la munthu. Ngakhale m'makalabu a kunja aja, kumene zovala zimachokeratu, lamulo la malo ambiri n'lakuti woonerera asagwire wovina, ndipo wophwanya amatulutsidwa. Kwathu kuno lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kuzunza munthu pa nkhani zokhudza kugonana, ndipo silinena kuti limasiya kugwira ntchito m'bala. Vuto lathu n'lakale. Kuyambira 1973 mpaka 1993 lamulo la Decency in Dress Act linkaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo m'badwo wathunthu udakula ukukhulupirira kuti chovala cha mkazi ndi nkhani yoti mwamuna aliyense wodutsa aweruze. Mu January 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre adavula amayi mumsewu chifukwa cha mathalauzi, mpaka amayi adachita zionetsero ndipo pulezidenti Bingu wa Mutharika adanena poyera kuti amayi ali ndi ufulu wovala zomwe akufuna. Maganizo omwe adavula amayi aja masana ndi omwewo amene amatambasula dzanja usiku: akuti poti wavala chonchi, ndiye kuti wavomera. Sadavomere. Wavomera kuvina basi.

Foni nayo ikhale m'thumba. Zomba ndi mzinda waung'ono. Idasiya kukhala likulu mu 1975 ndipo mpaka lero anthu ake timadziwana nkhope. Kavidiyo ka masekondi makumi awiri komwe mwajambula kuti museketse anzanu pa WhatsApp, pofika Lamlungu kafika kwa mayi ake a mtsikanayo amene amagulitsa tomato mumsika, kwa mwini nyumba yomwe amachita lendi, kwa ana a m'kalasi la mwana wake. Inu simutayapo kalikonse, iye angataye pokhala. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lili ndi zilango kwa ozunza anzawo kudzera pa intaneti, koma munthu wamkulu sayenera kudikira wapolisi kuti amuuze kuti zimenezi n'zankhanza. Mwa zinthu zonse zomwe mungatenge mwaulere m'malo amenewa, kujambula ndiko kumamulipiritsa mtsikanayo mtengo waukulu koposa.

Musaganizenso kuti aliyense wovina ndi woyendayenda. Ena ndi ovina basi, olembedwa ndi bandi, ndipo nyimbo zikatha amapita kwawo. Ena amachita zonse ziwiri, ndipo nawonso ndi anthu amene lamulo limawateteza. Mu 2016 khoti lalikulu, litakhala konkuno ku Zomba, lidaunikanso mlandu wa amayi 19 omwe adamangidwa ku Dedza n'kuweruzidwa pa gawo 146 la malamulo a milandu, lonena za kudya ndalama zochokera m'uhule. Jaji Zione Ntaba adafafaniza chigamulocho, n'kufotokoza kuti gawolo lidaikidwa kuti lilange anthu odyera pa amayi oterewa, osati amayiwo. Chigamulo chimenechi chidaperekedwa mumzinda mwathu, ndipo ndikadakonda amuna a mumzinda muno akadakhala oyamba kuchimvetsa. Amene usiku wake upitirira kuposa kuonerera, adziwe kuti watuluka kale m'bajeti yomwe tikukambayi, ndipo mowa ndi mdani wa kondomu.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo sindizipeputsa. Abusa ndi mashehe adzati malo amenewa munthu asapondeko n'komwe. Kwa amene chikhulupiriro chake chikumuuza choncho, palibe mtengo wotsika woti n'kumunyengerera nawo, akhale kunyumba ndipo achita bwino. Chimodzimodzi bambo wapabanja amene ayenera kunamiza mayi a kunyumba kuti ali kumaliro kapena kumsonkhano. Ameneyo wawononga kale chinthu chodula asanagule botolo loyamba, ndipo malangizo anga a kagawidwe ka K20,000 sangamuthandize. Ndikulankhula ndi munthu amene angathe kunena kumene akupita osagwetsa nkhope.

Mfundo yolemera kwambiri ndi ya omenyera ufulu wa amayi, yomwe idapambana ku Iceland: kuti malo otere amasandutsa thupi la mkazi malonda, ndipo atsikana ambiri sakadasankha ntchitoyi pakadakhala ina. Kwathu kuno izi n'zoona koposa. Mtsikana amene adasiyira sukulu pa Fomu 2 chifukwa cha fizi, kapena amene bambo wa mwana wake adathawira ku Joni osatumiza kanthu, sadasankhe pakati pa siteji ndi ofesi. Ndikuvomereza zonsezi. Chomwe sindivomereza n'chakuti umbombo wa woonerera ungamumasule. Mukamumana, mawa abweranso pasiteji pomwepo ali ndi njala yoposa, ndipo wanjala ndiye amavomera zimene akadakana. Amene akufuna ntchitoyi ithe amenyere sukulu, ngongole zoyambira bizinesi ndi chithandizo cha ana kuchokera kwa abambo othawa. Amene wakhala kale pampando wa kutsogolo, udindo wake ndi wa usiku womwewo.

Pali malire amodzi omwe sakambirana. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Mukaona kuti amene akuvina kapena kuperekera mowa ndi mwana, musafupe, musaonerere, tulukani. Kanenani kupolisi, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana yomwe bungwe la YONECO, lomwe likulu lake lili konkuno ku Zomba, limayendetsa. Ndalama yanu ya pakhomo itayike, zilibe kanthu.

Mbali yotsala ndi ya eni malo. Mwini bala amene waitana ovina kuti mowa wake uyende apangane nawo mtengo usiku usanayambe ndipo awalipire, kaya anthu afupa kaya ayi. Awapatse chipinda chosinthira zovala chokhala ndi chitseko chotsekeka. Mabaunsa ake ateteze ovinawo monga amatetezera makireti. Ndipo nyimbo zikazima 3 koloko m'bandakucha, pakhale galimoto kapena wakabaza wodziwika wowafikitsa pakhomo, chifukwa njira za kutsidya kwa Likangala usiku si zoti mtsikana ayende yekha atanyamula ndalama zomwe bala yonse yamuona akulandira. Khonsolo ya mzinda, yomwe imapereka ziphaso zogulitsira mowa, ingathe kufunsa zinthu zimenezi nthawi yokonzanso chiphaso, monga imafunsira za zimbudzi ndi nthawi yotsekera. Ife ogula tingathenso kufunsa woperekera mowa kuti atsikanawa amalipidwa bwanji, ndipo yankho likakhala loti amangodalira zofupa, mwezi wamawa K20,000 yathu tikaiperekere pa bala ina.